Za Zithunzi Zoyenda ndi Anthu Ozinenera

Aphunzitsi ndi akatekisti ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ali ndi dandaulo limodzi, ndilo lakuti ana afika m'kalasi ndi kanema m'kamwa. Mwana amene sakhoza kunena nthano imodzi ya Kalulu kufikira pothera pache akhoza kulongosola makani onse a Tom ndi Jerry osaphonya kanthu, ndipo pa nthawi yopuma anyamata aponyerana mateche monga anaona m'nyumba ya vidiyo dzulo lache. Ena mwa abale athu afuna kuti tiletse zonsezi ndi mau amodzi. Ife sitibvomerezana nao, pakuti chinthu choletsedwa chisanayesedwe chingokoma koposa. Ndiponso tiganiza kuti abale amenewa aika maso ao onse pa chithunzi, naiwala pakamwa pa munthu amene achinenera. Chithunzi chichokera kutali, ndipo sitikhoza kuchikonza. Koma mau amene mwana apita nao kunyumba ndi a chinenero chathu, ndipo amenewo ali m'munda wa mphunzitsi.

Kwa owerenga a kumidzi amene sanaione, nyumba ya vidiyo ndi chipinda cha njerwa kapena chisakasa cha matabwa ndi malata pafupi ndi msika, chokhala ndi mabenchi, wailesi ya kanema kutsogolo, ndi chimkuzamau choikidwa panja kuti phokoso liitane odutsa. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko maina a mafilimu a tsikulo ndi maora ache. Munthu alipira ndalama yochepa, nalowa mumdima. Olowamo ndi amuna a ganyu amene sanapeze nchito tsiku limenelo, akabaza odikira kuti dzuwa lipepe, ndi ana amene anatumidwa makala kapena amene anayenera kukhala ali kusukulu. Mafilimu ambiri ndi akale, a nkhondo ndi a nkhonya, a ku America, a ku China, a ku India ndi a ku Nigeria. Ndipo ambiri a iwo amveka m'Chichewa, pakuti anyamata ena a m'tauni atenga filimu, nachepetsa mau ache pa kompyuta, naikapo liu lao, munthu mmodzi kunenera mfumu, mkazi, mbala ndi msilikali yemwe. Mafilimu omwewo ayendanso pa mafoni ndi pa timakadi, nalowa m'nyumba za anthu, kumene ana aang'ono awaonera pamodzi ndi makatuni ao.

Mwambo umenewu wakunenera chithunzi suli watsopano monga ayesa ena. Kanema anafika kwa anthu a kwathu ali wosalankhula, kapena wolankhula chinenero chosamveka, ndipo kuyambira pachiyambi anafuna womnenera. M'zaka za m'ma 1920 mbusa wa ku America, Ray Phillips, anali kuonetsa zithunzi zoyenda m'makomponi a migodi ya ku Johannesburg, eni migodi nalipira nchitoyo. Ndipo kumeneko, ndi ku migodi ya ku Rhodesia, ndiko kumene atate athu ambiri opita kukafuna ndalama anayamba kuona kanema. Amuna a m'komponi anampatsa Charlie Chaplin dzina lakuti SiDakwa, ndilo liu lomwelo tinena ife chidakwa, chifukwa cha mayendedwe ache. Ku migodi ya mkuwa ya ku Luanshya, Hortense Powdermaker, amene anakhalako mu 1953 ndi 1954, anapeza kuti ngwazi iri yonse yokwera kavalo m'mafilimu a makauboi inali ndi dzina limodzi kwa oonera, ndilo Jack, ndi kuti oonerawo sanali kukhala chete, koma anali kupfuula, kumlimbikitsa Jack, ndi kufotokozerana okha okha zimene sanazimve m'Chingerezi. Pamene panalibe womasulira, khamu lonse linakhala womasulira.

Mishoni nayonso inalowamo. Kuyambira 1935 kufikira 1937 bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku New York, linayesa nchito imene dzina lache linali Bantu Educational Kinema Experiment. Akuru ache, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, anamanga msasa ku Vugiri m'mapiri a ku Tanganyika, napanga mafilimu 35 ndi osewera akuda, nawayendetsa pa lole m'maiko asanu, Nyasaland ali limodzi la iwo. Mau anawajambula padera pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, Chinyanja ndi Chitumbuka ziri pakati pao, kuti mbale izungulire pamodzi ndi chithunzi. Imodzi ya mafilimuwo, Post Office Savings Bank, inaonetsa anchito awiri olandira malipiro ao: wina akwirira ndalama pansi m'nyumba, mbala nizifukula, wina apita nazo ku positi, nazipeza zonse. Itatha nkhondo yachiwiri, mu 1948, maboma a Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri anakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, Alan Izod ali mkuru wache, ndipo inagwira nchito kufikira 1963. Galimoto ya boma inali kufika pabwalo la sukulu kapena la mpira dzuwa litapendeka, nsaru yoyera nikwezedwa, injini nilira, ndipo munthu wa kwathu anaima ndi chimkuzamau nawerenga mau olembedwa ku ofesi.

Tinene chilungamo pa mafilimu amenewa. Mwa zonse zimene anthu athu anaonetsedwa m'zaka zimenezo, iwo ndiwo anali ndi khasu, nkhokwe, chitsime ndi mkazi wosinja pamtondo. Koma nthano yao kawiri kawiri inali imodzi yomweyo, yongosintha zobvala, ndiyo ya Wanzeru ndi Wopusa. Wanzeru amvera mlangizi, alima mizere yopingasa phiri, asunga ndalama ku positi, nagula njinga; Wopusa amwa mowa, nagona, nasauka. The Two Farmers ya 1948 iri yotero, ndipo Mulenga Goes to Town ya 1949 iphunzitsa mnyamata wa kumudzi kuti m'tauni muli tsoka lokha lokha. Chaka chomwecho cha 1949 ndicho cha njala imene inapha anthu m'boma lino la Blantyre, pamene kwao kwa anyamata ambiri kunalibe kanthu m'nkhokwe. Munthu amene anamanga kanyumba kache pansi pa phiri la Ndirande masiku amenewo, atathawa thangata ku Thyolo kapena atasowa munda ku Chiradzulu, nadza kudzaphika kwa Mzungu kapena kudzasankha fodya ku Limbe, sakadadzipeza yekha mwa Wanzeru kapena mwa Wopusa. Za msonkho filimu inanena kuti upindulitsa; za kuchepa kwa malipiro ache inakhala chete. Ndipo mtima wa mau a womasulira unali wolamula kuyambira poyamba kufikira potsiriza: limani, sungani, sambani, lekani. Ulemu wa -ni unalipo, koma munthu wamkuru amene waweruka ku nchito atalamulidwa tsiku lonse safuna kulamulidwanso usiku, ngakhale mwaulemu. Nchifukwa chache womasulira wochenjera, poona anthu alikuyasamula, nthawi zina anali kusiya pepala nanena zache, anthu naseka pamene boma silinafune kuti aseke.

SiDakwa uja, amene sanapangidwire ife konse, anadziwa za nchito koposa onsewa. Mu Modern Times ya 1936 aima pa lamba woyenda wa m'fakitale, namanga mabauti ndi masipanala awiri, kapitao ali pambuyo, kufikira manja ache akana kuleka ngakhale nthawi yopuma yakwana, nafuna kumanga ndi mabatani omwe a zobvala za anthu. Mu The Gold Rush ya 1925 aphika nsapato yache chifukwa cha njala, naiika m'mbale ndi ulemu wonse, nagawira mnzache. Munthu amene anaima tsiku lonse pa makina oomba nsaru ku David Whitehead, ku Makata, kapena amene anadya madeya ndi mizu ya nthochi mu 2002, safuna womasulira pamenepo. Tiyesa kuti ichi ndicho chifukwa chache Chaplin akali kuseketsa ana ndi akuru lero lino, pamene Wanzeru ndi Wopusa agona m'nyumba zosungira zakale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, panadza lamulo la 1968 loyang'anira mabuku ndi zosangalatsa, ndi bungwe lache lodula mafilimu. Ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino sinayambe kufikira 1999. Chotero amene ali ndi zaka 50 lero anakula ndi wailesi ya mau okha, ndi masewero ache monga Kapalepale, ndi nyumba ya kanema ya Apollo m'tauni kwa iwo okhala ndi ndalama. Ana ao anabadwira pakati pa zithunzi. Pakati pa mibadwo iwiriyi pali phompho, ndipo makolo ambiri sadziwa chimene ana ao aonera, pakuti iwo eni sanaphunzire kuonera.

Womasulira wa lero alibe pepala la boma. Kawiri kawiri Chichaina kapena Chihindi sachimva konse; atsata timau ta Chingerezi tolembedwa pansi pa chithunzi, ndipo pamene tamthawa ayang'ana nkhope, napeka mau oyenera nkhopeyo. Apatsa alendo maina a kwathu, nasandutsa misewu yao kukhala ya ku Limbe, natukwanitsa ankhondo ao m'mau a pa siteji ya minibasi. Anzache alipo m'maiko ena: ku Tanzania kunali Lufufu, ku Kenya kuli DJ Afro, ndipo ku Japan, masiku a kanema wosalankhula, kunali onenera zithunzi amene dzina lao linali benshi, ena a iwo omveka koposa osewera eni. Tisamnyoze munthu ameneyu chifukwa sanaphunzire za kumasulira. Achita chimene womasulira wa boma sanaloledwe kuchita: alankhula ndi oonera monga mnzao wokhala pa benchi lomwelo. Ndipo ali ndi chuma chimodzi chimene ife a mabuku tachitaya pang'ono pang'ono, ndicho mivekero.

Mvekero ndi liu limene lionetsa chochitika monga chimveka m'khutu, kapena monga chioneka m'maso, kapena monga chikhudza thupi. Sulandira mgwirizanitsi, ndipo susintha ndi nthawi. Utsata mneni -ti, kapena uima pambuyo pa mneni wina, kapena uima wokha m'malo mwa mneni. Pamene Chingerezi chinena kuti munthu anagwa, nichileka pomwepo, ife tifunsa kuti anagwa bwanji: thumba la chimanga ligwa phi, mwala ugwa chubwi m'madzi, mango agwa lakata lakata. Munthu wodabwa angoti kakasi, wachisoni ati khuma, wamanyazi mutu zyoli, wothamanga afika ali wefu wefu. David Clement Scott anaona chuma chimenechi ali pano pa Blantyre, nadzaza nacho buku lache lalikuru la mau a Chimang'anja la 1892. Koma mabuku athu ambiri a sukulu, ndi maulaliki athu omwe, anabadwa mwa kumasulira zinenero zimene mivekero iri yochepa m'menemo, ndipo tazolowera Chichewa chosalala chopanda mchere, nitiyesa kuti ndicho chaulemu. Womasulira wa vidiyo sakhoza kukhala wopanda mivekero, pakuti chithunzi chithamanga, ndipo chiganizo chachitali chitsala m'mbuyo. Mvekero wokha ndiwo ufika pamodzi ndi nkhonya.

Pa makatuni ichi chioneka koposa. Tom ndi Jerry, amene William Hanna ndi Joseph Barbera anawayamba mu 1940, salankhula pafupi nthawi zonse. Pali nyimbo ndi phokoso basi. Mverani tsono ana a zaka 6 kapena 7 alikufotokozera mnzao amene sanaone. Adzanena motere: Mphaka maso tuzu pa una, khoswe kumbuyo balamanthu, chiwaya pamutu go, mbale zonse phwaa, mphaka lobodo. M'chiganizo chonsecho mulibe mneni ndi mmodzi yemwe, koma palibe chasowa, ndipo Chichewa chotere agogo ao akadachibvomera. (Ana anena bwino pomuyesa Jerry khoswe. Mbewa ndi ya kumunda, ndipo ndi ndiwo. Wa m'nyumba wakuba chakudya ndi khoswe, ngakhale achepe. Mphunzitsi asawakonze ndi dikishonale.) Tipempha aphunzitsi a makalasi oyamba kuti ayese ichi: mwana anene katuni imene anaona, mphunzitsi alembe pabolodi mivekero yonse yoturuka m'kamwa mwache, ndipo kalasi lipeze chiganizo china cha kumunda kapena cha kumsika cha mvekero uli wonse. Adzapeza kuti ana amene akhala duu pa phunziro la galamala ali ndi galamala yambiri m'mimba.

Koma tsono tiyang'ane nyumba imene mphaka ndi khoswe athamangitsanamo. Muli firiji yodzala nyama, mkaka ndi zipatso, madzi aturuka pampopi m'kati momwemo, magetsi sazima, ndipo kawiri kawiri palibe munthu aoneka alikupita ku nchito kapena kubwerako. Mbale zisweka 100, mawa ziripo zina. Mwana amene aonera zimenezi anadzuka mbandakucha kukaima pamzere wa madzi ndi chigubu, ndipo adziwa mtengo wa kajumbo ka makala ndi wa kachubu ka mafuta ophikira. Akaswa mbale imodzi kwao, adziwa chimene chitsata. Sitinena kuti mwanayo apusitsidwa, pakuti ana adziwa kusiyanitsa masewera ndi zoona koposa umo akuru awaganizira. Chimene tiona ife ndi chakuti m'nthano imeneyi chakudya chiribe wochikhetsera thukuta, ndipo kupweteka kulibe chipsera. Mphaka aponderezedwa thasa ngati chitumbuwa, nadzuka dzambatu ali wamphumphu.

Komatu munthu wa nchito alimo m'nyumbamo, ngakhale ambiri samuona. M'makatuni oyamba, kuyambira Puss Gets the Boot ya 1940 kufikira 1952, muli mai wakuda wonenepa, wobvala epuloni ndi masilipasi, wogwira tsache, amene akalipira mphaka. Ambiri amuyesa wanchito wa m'nyumbamo, ngakhale pena aoneka ngati mwini nyumba. Ojambula anaonetsa miyendo yache, manja ndi chifuwa, koma nkhope inakhala kunja kwa chithunzi pafupi nthawi zonse, ndipo anampatsa Chingerezi chopotoka chakuti Azungu a ku America aseke nacho. Anthu akuda a kumeneko anadandaula, ndipo m'makope ena a pambuyo pache liu lache linasinthidwa, pena mai yense anafafanizidwa, napakidwapo Mzungu. Ife a ku Blantyre timdziwa mai ameneyu. Ndiye amene aturuka ku Ndirande kusanache nakwera ku Nyambadwe, kapena achoka ku Chilomoni kunka ku Namiwawa, nakolopa, nachapa, naphika, nalera ana a eni nyumba, nabwera mdima utagwa, ana ache a iye mwini atagona. Ambiri a ana oonera katuniyo ndi ana ache kapena adzukulu ache. Mphunzitsi afunse kalasi tsiku lina kuti, Kodi chakudya chiri patebulopo anaphika ndani, ndipo nkhope yache iri kuti? ndipo adikire kufikira mwana mmodzi ayankhe.

Ena anena kuti katuni ndi nthano ya Kalulu yobvala zachilendo, ndipo m'mau amenewa muli choona. Akapolo otengedwa ku Afrika anapita ndi nthano za kalulu ku America, Joel Chandler Harris nazilemba m'buku mu 1880 ndi dzina la Brer Rabbit. Ndipo Bugs Bunny, amene anaoneka mu 1940, ayenda m'mapazi omwewo, wamng'ono wogonjetsa wamkuru ndi nzeru. Koma kumbukirani nthano ya chitsime. Kunagwa chilala, nyama zonse zinapangana kukumba, Kalulu yekha nakana. Madzi atapezeka iye anadza nanyenga alonda ndi uchi, nawamanga, namwa, nasamba momwemo, kufikira Kamba wonyozeka uja anamgwira mwendo. Kuchenjera kwa Kalulu kuli pakati pa mudzi, ndipo mlandu wache ndi wa nchito imene anakana kugwira pamodzi ndi anzache. Ngakhale apulumuke potsiriza, womvera adziwa kuti panali bwalo. Mwana woima pamzere wa madzi ku Bangwe, poona wina alikudumpha mzere, aimva nthano imeneyi osafotokozeredwa. Kalulu wa m'katuni alibe mudzi umene angaulakwire. Ndiponso nthano iri ndi nthawi yache, madzulo nsima itadyedwa ndi mbale zitatsukidwa, ndipo iyenda pokha pokha omvera akabvomera kuti, Tiri tonse. Akaleka kubvomera, wonena aleka. Katuni iyenda m'mawa ndi masana, ngakhale m'chipinda mulibe munthu.

Tibwerere kwa womasulira, pakuti tamuyamika, ndipo tsopano tiri naye mlandu. Chingerezi chiri ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu wolankhulidwa, wa mwana ndi wa mfumu yemwe. Ife tiri ndi iwe ndi inu, ndipo ulemu wathu sukhala pa liu limodzi, koma uyenda m'chiganizo chonse: a- wa pa dzina, a- wa pa mneni, ndi -ni wa kumapeto, monga ponena kuti, Abambo abwera, khalani pansi, ndakuonani. Womasulira ayenera kusankha pa chiganizo chiri chonse, ndipo ambiri asankha iwe, chifukwa ndi wamfupi, alowa msanga pakamwa pa chithunzi, ndipo aseketsa. Chotero m'filimu ya ku China wophunzira nkhonya agwada pamaso pa mphunzitsi wache wa imvi, mutu zyoli, manja pamodzi, ndipo liu la Chichewa liti, Iwe mdala, tandiphunzitsa. Maso a mwana aona ulemu, khutu lache nilimva mwano, ndipo chimene adzanena kwa agogo ache madzulo ndi cha khutu. Chotimvetsa chisoni ndi chakuti Achaina ndi Amwenye a m'mafilimu amenewa alemekeza akuru monga ife, kotero kuti Chichewa chikadawanenera bwino koposa Chingerezi cha pansi pa chithunzi chija. Iwe wa mkwiyo ali ndi malo ache. Mwana wopanduka akanena iwe kwa atate wache, omvera onse adzidzimuka. Ndipo womasulira wodziwa nchito akadasunga liu limenelo kufikira pamenepo. Wolimwaza pali ponse alibe chotsala chodzidzimutsa nacho anthu.

Mlandu wachiwiri uli pa maina a chibale, ndipo uwu suli wa omasulira okha, pakuti walowa m'nyumba zathu zomwe. Mau awiri, ankolo ndi anti, ameza maina onse awa: amalume kapena atsibweni, atate aang'ono, atate aakuru, azakhali, amai aang'ono ndi amai aakuru; amezanso mlendo ali yense wa pakhomo, ndi mwini grosale yemwe. Koma maina athu sali okometsera chabe. Liri lonse linena udindo: ndani aimirira mwana pa mlandu, ndani afunsidwa pa ukwati, ndani alowa m'malo pa maliro. Tiyese ndi katuni imene ana onse aidziwa, The Lion King ya 1994. Mfumu Mufasa ali ndi mwana, Simba, ndi mng'ono wache, Scar. Scar apha mkuru wache, nathamangitsa mwanayo, nalowa ufumu. M'Chingerezi Simba amuitana ndi liu lija limene ife talisandutsa ankolo. Tsono mwana wa ku Zingwangwa akafunsidwa kuti ankolo ndani m'Chichewa chenicheni, adzayankha kuti amalume, ndipo pomwepo nthano yonse yapotoka. Malume ndi mlongo wa amai. Scar akakhala malume wa Simba, ndiye kuti Mufasa ndi mlamu wache, ndipo nkhani isanduka ya mwini mbumba wakupha mkamwini, mlandu wina ndithu. Scar ndi atate aang'ono. Simba ndi mwana wache monga ali mwana wa Mufasa, ndipo kuipa kwa Scar kuli pamenepo: anapha mbale wa bere limodzi, nafuna kuphanso mwana wache.

Pali chinanso chimene mphunzitsi wa mwambo asachiphonye. Nthano imeneyi iyesa kuti mwana wa mfumu ndiye wolowa ufumu, ndi kuti mng'ono wa mfumu akalowa, walanda. Mwana wa Chingoni wochokera kwa Gomani ku Ntcheu adzaimva chomwecho. Koma kwa Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Achewa, amene ndiwo ambiri m'masukulu athu a kuno, ufumu utsata bere la amai: ulowedwa ndi mng'ono wa mfumu kapena ndi mwana wa mlongo wache, ndipo mwana wobala mfumuyo ali wa mbumba yina. Mwa mwambo umenewo Scar akadangodikira, mpando ukadadza kwa iye popanda mwazi, ndipo Simba sakadakhala ndi chonena. M'kalasi limodzi la ku Ndirande mukhala ana a miyambo yonse iwiri pa desiki limodzi, ndipo mphunzitsi akawafunsa kuti, Kwanu akadalowa ndani? adzamva mayankho awiri, onse oona.

Chodabwitsa nchakuti pa abakha a Walt Disney liu lakuti malume likhala pa malo pache. Mu Donald's Nephews ya 1938, Donald Duck alandira kalata yochokera kwa mlongo wache yakuti ana ache atatu, Huey, Dewey ndi Louie, alikudza. Ndipo m'nthano zotsatira anawo akhala kwa iye, nawalera, ngakhale ali wamtima wapachala ndi wosakhalitsa pa nchito. Ameneyu ndiye malume weni weni, wosenza mbumba ya mlongo wache monga achita amuna ambiri a ku Machinjiri amene nyumba zao zadzala ana ochokera kumudzi odzaphunzira sukulu. Scrooge McDuck, mwini chuma uja wa mu DuckTales ya 1987, ndi mlongo wa amai a Donald. Chotero kwa Donald ndi malume, koma kwa anyamata atatu aja ndi agogo, ngakhale m'Chingerezi onse amuitana ndi liu limodzi. Ndiye wamkuru wa mbumba yonseyo. Ndipo kuumira kwache pa ndalama, kumene kwa eni katuni kuli nthabwala chabe, kwa ife ndi mlandu wa mwini mbumba wosambira m'ndalama pamene mwana wa mlongo wache alikufuna ganyu, mlandu umene kwathu kuno ukadafika kwa nyakwawa.